Mphuno ya Galimoto ya a Zuze

Anthu kuno amati ndimakuwa. Sindikuwa ine, mawu anga ndi omwewa. Pitani mukakhome malata zaka makumi awiri ndi mphambu mu shedi ya ku Southerton, ku Halale, nyundo makumi atatu zikulira nthawi imodzi, ndiye mudzabwere mudzandinong'oneze ngati mungathe. Sukulu ndinalekera Sitandade 2, inde, koma ndowa yokhoma ine sinadonthepo. Kafunseni ku Mufakose, kafunseni ku Kambuzuma. Ena akutungirabe mpaka lero.

Ku Halale ndinapita pa selefu, osalembedwa ndi munthu. Ndinanyamuka ku Ntcheu kuno ndi bulangete limodzi ndi chimanga chokazinga m'kathumba, kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi pa pantoni, kuyenda mpaka mapazi kutupa ngati maungu. Ndinayamba ndakhala m'mahositelo, amuna asanu ndi mmodzi chipinda chimodzi, njinga kupachika kudenga, nsikidzi zonenepa kuposa ife. Eni dziko ankatitcha mabwidi, dzina lotinyoza ife obwera. Ife tinkangoti tchulani, bola ntchito tikugwira. Zaka zoyamba ndinkatumiza kumudzi nsalu, shuga, mpaka njinga. Kenaka ndinakwatira Mzezuru wa ku Seke, amake Tendai, tinapatsidwa nyumba ku Mufakose, ana anabadwa, njira ya ku positi n'kumera udzu. Amayi atamwalira kalata inandipeza patapita mwezi. Sindinapite. Ndikudzinenera ndekha, musachite kumva kwa ena.

Mlongo wanga Nambewe, wondiponda pamutu, nkhani imeneyo anaimanga pamtima. Iye ndi alamu anga anabweranso ku Rodeshiya, pa pulazi la fodya kupitirira Bindura, alamu akuyendetsa thirakitala. Dziko limodzi, zaka ndithu, koma ngakhale moni wapakamwa sanatumize. Inenso khosi linali louma. Ndinati wamng'ono ndiye ayambe.

Nthawi imeneyo azungu a ku Rodeshiya anali atakangana ndi mfumukazi yawo ya ku Mangalande, ati tidzilamulira tokha. Mayiko anawatsekera zipata. Sipeya wa galimoto kusowa, petulo wa makuponi, ngakhale lezala kuchita kusaka. Ife a malata ndiye tinasanduka anthu. Chilichonse chimene kale chinkabwera pa sitima, foromani ankangochiponya patebulo chili chothyoka, amvekere, "Mbewe, tikufuna china chotere." Ine kuchitembenuza, kuchigogoda, kuchinunkhiza, mawa lake chilipo. Zimenezo ndinkazikonda kuposa malipiro: kufufuza kuti amene anachipanga kutsidya kwa nyanjako ankaganiza chiyani.

Kenaka nkhondo inalowa m'mapulazi. Tsiku lina dalaivala wa lole ya fodya anandipeza pageti la fakitale n'kundipatsa kapepala kong'amba ku thumba la feteleza. Ndinawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsogolera.

"Achimwene, alamu anu tinaika mwezi watha. Anaponda chimbambaira ndi thirakitala. Kuno usiku anyamata a m'tchire, usana asilikali, aliyense akuti tikudyetsa mnzake. Komboni ya pulazi loyandikana aiwotcha. Basi inaleka kubwera. Ana atatuwa ndi mbumba yanu. Ndine Nambewe."

Chimbambaira pa Chishona ndi mbatata, koma mbatata ya masiku amenewo inali bomba lokwirira mumsewu. Mawu oti chonde m'kalatamo munalibe, ndipo sanafunike. Kwathu kuno ana a mlongo wako mwini wake ndiwe malume. Akafa iwe uli chikhalire, dzina lako latha, ngakhale ukhome ndowa zagolide.

Munthu wakuda wokhala ndi galimoto amene ndinkamudziwa anali mmodzi, a Zuze, a ku Angonia kwa Apwitikizi, olankhula Chichewa ngati ife tomwe. Munthu wamfupi, wofatsa, wophikira dona wina ku Waterfalls zaka zosawerengeka. Donayo pothawa nkhondo kupita ku Joni, m'malo mwa penshoni anawasiyira galimoto ya malemu mwamuna wake, imene inakhalitsa pa njerwa pansi pa mtengo wa mapeyala. Eee, galimoto! Ya ku Amereka, yakalekale, yaitali ngati bwato, kutsogolo mano asiliva, kumbuyo zipsepse ziwiri zoimirira. Ana a ku Mufakose anaitcha Chinsomba. A Zuze pa chiwongolero ankakhalira pilo, komabe ukaiona patali inkakhala ngati ikuyenda yokha.

"Galimoto ilipo, a Mbewe," anatero nditawaonetsa kalata. "Dalaivala alipo. Koma tabwerani muone."

Anatsegula boneti. Pamwamba pa injini panali kabuleta, kaja kamasakaniza petulo ndi mphepo, kukamwa kuli yasa kuloza kumwamba. Pakamwapo anali atamangapo sokosi ya dona ndi mphira.

"Apa pamakhala eyakilina, chosefa mphepo. Yake mnyamata wa m'dimba wa dona anaichotsa kalekale n'kumamwetsera abakha, mpaka dzimbiri linaidya. Pa tala sokosi imakwana. Koma kupitirira Bindura ndi fumbi lokhalokha, lofiira, losalala ngati ufa woyera. Makaniko anandiuza kuti likalowa limapala injini m'kati ngati mchenga pa poto. Kupita tipita. Kubwerako sindilonjeza. Ndipo kefiyu mukuidziwa."

Ndinkaidziwa. Kumeneko dzuwa likalowa, wopezeka pamsewu inkayamba kumufunsa ndi mfuti.

Ndinazungulira masikirapu onse a ku Msasa, kogulitsa zitsulo za magalimoto akufa, ndi njinga. Mwini sikirapu wina anachita kugwira m'mimba ndi kuseka. "Ya galimoto imeneyo? Kafunse ku Amereka, ukapeza geti lotsegula." Ndinati chabwino, Amereka ndine.

Za petulo ndinakazitula Lamulungu ku sosaiti yathu ya maliro. Mkulu wa sosaiti anaimirira nati, "Abale, masiku onse timasonkha kuti tinyamule akufa. Lero tiyeni tinyamule amoyo." Wa mthuthuthu anapereka kuponi yake. Wina wogwira m'nyumba za azungu anabwera ndi ziwiri, ndipo palibe anafunsa kuti wazitola kuti. A Zuze ataziyala pa bondo anati petulo akwana kupita, kubwera, ndi kapu imodzi ya tiyi pamwamba.

Ine ndinati eyakilina n'chiyani, si chitini basi? Masiku awiri ndinakhoma chigubu chokongola zedi. Misoko yonse kupinda kawiri, kuwotcherera ndi mtovu. M'kati ndinayalamo bulangete lopinda kanayi ndi chipewa changa chakale cha feleti. Polowera mphepo ndinaboola timabowo ta msomali, towerengeka, pakuti ndinati bowo lalikulu ndi khomo la fumbi. Ndinachimiza m'madzi monga timayesera ndowa, thovu osatuluka pena paliponse koma pa timabowo tanga tokha. Ndinati azungu abwere adzaphunzire.

Tinachimanga, tinaliza. Chinsomba chinatsokomola, chinabuula, kumbuyo utsi bii ngati sitima ya malasha. Kuchoka ku Mufakose kufika ku Kambuzuma, singano ya petulo tinkachita kuiona ndi maso ikugwada. A Zuze anazimitsa injini.

"A Mbewe, ine ndinapempha mphuno. Inu mwakhoma ndowa."

"Ndowa yabwino!"

"Yabwino kwambiri. Simukulowa kanthu. Galimoto ikasowa mphepo imamwa petulo, ndipo kapu ya tiyi ija yapita. Kuyesanso ndi injini ayi, pokhapokha ngati mukufuna tikagone ndi ana kutchire."

Chinandiwawa, komanso chinandiyabwa m'mutu. Moyo wanga wonse ntchito yanga inali kutseka, kuti kadontho kasapeze njira. Tsopano pakufunika chinthu chotseka ndi kutsegula nthawi imodzi, mphepo ilowe yonse, fumbi litsale lonse. Zimatheka bwanji zimenezo?

Poti petulo woyesera panalibe, injini ndinakhala ine. Ndinalumikiza paipi yothirira m'dimba ku khosi la chigubu, kumapeto kwake ndinamangako kansalu koyera n'kuika kukamwa, mphuno n'kutsina ndi pegi ya zovala. Chigubu m'khwapa, liwiro kuzungulira nyumba. Kuzungulira kachiwiri m'maso munada, ndinakagwera pa repu wa amake Tendai.

"Baba vaTendai, mava kupenga here?" anakuwa mayiwo, kufunsa ngati misala yandiyamba. Aneba anali atadzaza kale pa mpanda. Wina amvekere, "Mabwidi nemishonga yavo!" Ati tayamba mankhwala athu aja.

Ndinadzuka, ndinawapatsa tsache amake Tendai. "Sesani, mayi, fumbi lonse muloze kwa ine."

Ndikachotsa bulangete n'kukulitsa mabowo, kupuma kunali kokoma koma kansalu kofiira. Ndikabwezera bulangete, kansalu koyera koma munthu kukomoka. Masiku atatu ndikuvina pakati pa ziwirizi, ndipo tsiku lililonse ndikaweruka ku ntchito ndinkayang'ana pageti ngati pali dalaivala wina wa lole ndi kapepala kena, konena kuti musavutikenso.

Tsiku lachinayi ndinatopa, ndinachotsa pegi, amake Tendai akusesabe. Ndinayetsemula n'kuminira m'kansalu kaja. Kuyang'ana, mamina ofiira. Ndinaima pomwepo. Mphuno ili chitsegukire, ndikupuma bwinobwino, koma fumbi lagwidwa. Waligwira ndani? Ndinatenga galasi la mkazi wanga, kusuzumira m'mphuno mwanga, sindinaone patali. Ndinapita kwa a Zuze n'kuwapendeketsa mutu padzuwa, iwo amvekere, "Kodi yanu yatha?" Ayi ndithu, mdima wokhawokha.

Ndiye ndinathamangira kumsika, kwa munthu wogulitsa mitu ya ng'ombe. Ndinati ndiwazireni umodzi pakati penipeni, motsata mphuno, nkhwangwa ikhale yakuthwa. Anawaza. Abale inu! Khomo lalikulu, tsitsi pakhomo, m'kati njira yokhotakhota ngati chigoba cha nkhono, ponseponse ponyowa. Ndinagwada pomwepo pa magazi, kulowetsa chala, kutsata njira. Ndinakumbuka mtsinje wa kwathu, kuti pokhota m'pamene pamatsala mchenga madzi n'kumapita. Mulengi sanatseke mphuno ndi bulangete ayi. Anaitsegula, anaikhotetsa, anaithira mamina.

Mutuwo tinadya ndi a Zuze. Nzeru zake ndinadya ndekha.

Ndinatenga beseni la malata, pakati ndinaboola n'kuimikapo paipi yaikulu ngati chumuni, yoti ivale pakamwa pa kabuleta. M'besenimo ndinathira oyilo wa injini wofika chala chimodzi chopingasa. Amenewo mamina. Tsitsi ndinakapempha kwa anzanga osema zitsulo pa makina, tizitsulo topotanapotana timene amataya tija. Ndinatitsuka ndi palafini n'kutipanikiza pakati pa masefa awiri a waya, kuzungulira chumuni chija. Pamwamba chivundikiro, pakati pake nati ya mapiko. M'mphepete monse ndinasiya mpata wolowa chala. Ine Mbewe, kusiya mpata dala! Dzanja linkachita kukana. Koma nzeru yake inali imeneyo: mphepo ilowe pampatapo, itsike, igunde oyilo, ikhote, ikwere kudutsa m'tsitsi, ndiye igwere m'chumuni. Fumbi ndi lolemera, silidziwa kukhota.

Ndinazungulira nyumba kakhumi, paipi ija ili kukamwa, amake Tendai akusesa, mneba wina akuwaza phulusa mwachipongwe. Mpweya mbwee. Kumasula kansalu, mbee.

Tsopano apa m'pamene ndinalakwa, ndipo kulakwa kwake n'kwa mmisiri. Kwa ife okhoma malata chinthu sichituluka m'manja chili maliseche. Ndinachipaka penti yotsala ya zigubu za madzi, yobiriwira modera. Komanso chinthu chosunga zamadzimadzi chopanda chogwirira ndi ntchito yosatha, ndiye ndinakhomera kachogwirira ka waya pambali, kopinda bwino. Chinatuluka chozungulira, chophwatalala, chobiriwira, nati pamwamba. A Zuze anati chakongola. Tonse awiri tinali tisanaonepo chimbambaira ndi maso.

Tinanyamuka Loweruka kutangocha. Mpaka ku Bindura tala, Chinsomba chikuyandama, singano ya petulo ikutsika mwaulemu. Tala atatha tinadikira lole ya fodya idutse n'kuitsata m'mapazi mwake mwenimweni, pakuti pamene papita tayala la mnzako ndi pamene palibe mbatata. Ndiye kuti fumbi lake lonse tinkadya ndife. Mchenga m'mano, a Zuze nsidze zofiira ngati mzungu. Ine khutu lili ku injini. Inkangoimba. Ndinkalakalaka titaima kuti nditsegule ndione zimene zikuchitika m'katimo, koma a Zuze amvekere, "Mukatsegula ku Mufakose."

Pa komboni tinafika dzuwa lili pamutu. Nyumba zambiri zitseko zinali yasa, agalu okhaokha. Nambewe anali pakhonde, mtolo womanga kale. Ndinamusiya kumudzi ali namwali wa masaya, ndinapeza mayi wa mafupa.

"Mwabwera, achimwene."

"Ndabwera."

"Mwakalamba."

"Nawenso."

Moni wa zaka zonsezo unathera pomwepo. Anaitana ana atatu aja nati, "Amalume anu awa. Gwadani."

Titakweza mtolo, mphika ndi nkhuku imodzi, Nambewe anati akufuna akatsanzike kumanda. Manda a komboni anali kutsidya kwa mtsinje, kuseri kwa zigafa za fodya, ulendo wa ola kupita kokha. A Zuze anayang'ana dzuwa, kenaka anayang'ana ine. Mawu okana anali oti atuluke mwa ine mwini mbumba.

"Sizitheka, Nambewe. Kwera."

"Ngakhale kadothi kokha ndikatape? Kwawo kwa bambo a anawa ndidzakaonetsa chiyani?"

"Ndabwerera amoyo ine. Kwera."

Anandiyang'ana, n'kunena motsitsa, "Inu za maliro mumazitha msanga." Anakwera.

M'galimoto munali zii, ndipo ine zii sindimutha. Ndinayamba kufotokoza za sokosi ya dona, za pegi, za mutu wa ng'ombe, za mamina, zonse. Ana ankaseka chobisa. Nambewe nkhope ili pawindo, osayankha ngakhale eya.

Tala akadali kutali, pa mlatho wina tinapeza migolo pamsewu, lole ya asilikali ili pamthunzi. Sajeni wakuda, wamtali, anatiimitsa ndi dzanja. Zitupa tinaonetsa. Mtolo anamasula, nkhuku anaitembenuza. Kenaka kamzungu kamphuno yosupuka ndi dzuwa kanaloza boneti, a Zuze anatsegula. Kanangosuzumira kamodzi n'kudumpha chammbuyo ngati kaponda njoka, kakukuwa Chizungu. Mfuti zonse kwatcha kwatcha.

"Rarai pasi! Chimbambaira!" anakuwa sajeni.

Tinagona chafufumimba m'fumbi, Nambewe atafungatira ana onse atatu pansi pa mikono. Asilikali anathawira kuseri kwa lole yawo. Sajeni anafunsa ali komweko kuti waika chinthu chimenecho ndani. Munthu wanzeru akanayamba waganiza. Ine ndinatukula mutu.

"Ndini, changamire! Ndakhoma ndine, bwana! Ndi mphuno ya galimoto!"

"Mphuno?"

"Mphuno!"

Anakambirana kuseriko. Kenaka anati dzuka pang'onopang'ono, katsegule wekha, ukaphulike wekha, ukangotembenuka molakwika tiombera onse.

Mantha ndinali nawo, sindikana. Ndinkamva kamwana kakang'ono kakusisima pansi pa amake. Koma ndinene zoona pamaso pa Mulungu: pamene dzanja linagwira nati ya mapiko ija, mtima wina unati, haa, tsopano tiona. Kuyambira m'mawa ndikufuna kutsegula.

Ndinapotokola nati, ndinachotsa chivundikiro n'kuchikweza m'mwamba kuti aone. Tsitsi la zitsulo lija lofiira psuu. Ndinalichotsa. M'beseni oyilo pamwamba, pansi pake matope ofiira, olimba ngati phala la dzulo. Ndinatulutsa kansalu kanga koyera, ndinalowetsa m'chumuni, kupukuta kuzungulira, kutulutsa. Mbee! Ngati kachokera kochapa.

"A Zuze!" ndinakuwa, kansalu m'mwamba. "Chagwira! Fumbi lonse lili muno! Ng'ombe sinaname!"

"A Mbewe," anayankha a Zuze, pakamwa pali m'dothi, "tsitsani dzanja, atipha."

Sajeni anabwera mfuti ili patsogolo, anasuzumira, anatosa matope aja ndi mpeni wa kumfuti. Anandiuza ndikhuthule oyilo yense pansi kuti aone ngati mulibe waya. Ndinakhuthula, matope okha anakanirira. Kamzungu kaja kanabweranso, kanatembenuza chivundikiro, kanayang'ana misoko yanga, n'kulankhula ndi sajeni.

"Akuti thirakitala ya bambo ake ili nacho chotere, chochokera ku fakitale," anatero sajeni.

Zinandibaya. Kani azungu anali nacho kale! Koma ndinati, "Muuzeni kuti bambo ake anachita kugula. Ine ndinachita kufunsa ng'ombe."

Sajeni anafuna kuseka, anadzigwira. "Sekuru, muri benzi. Ndinu wamisala. Nanga chogwirira n'chachiyani pa chinthu chomanga ndi nati? Penti ya asilikali njachiyani? Mukanapeza ena akanayamba aombera." Anapotokola kachogwirira kanga n'kukaponya mumtsinje, penti anaikalakala ndi mpeni mpaka lata kuonekera, ati kuti a kutsogolo asadzidzimuke. Ntchito yanga yokongola ija kuikala ngati chipere! Koma ndinayang'ana ana akudzuka m'fumbi, atatu, onse akuyenda, ndipo ndinati zikomo changamire.

Titapita patsogolo pang'ono a Zuze anaima. Beseni linali louma, msewu wafumbi ukadalipo wautali, dzuwa litapendeka. Oyilo wapadera tinalibe, ndipo wa mu injini sitikanatapa, Chinsomba chinali chitamwako kale. Ndikukanda m'mutu, ndinamva chitseko chakumbuyo chikutseguka. Nambewe anamasula mtolo n'kutulutsa botolo la mafuta a nsatsi, oyenga yekha, odzoza ana.

"Si mwati pamafunika mamina? Thirani awa."

"Kani umamva?"

"Alipo angalephere kukumvani inu, achimwene?"

Ndinathira botolo lonse pamwamba pa matope aja. Chinsomba chinanyamuka chikununkhira ngati khanda. Tinagwira tala dzuwa likadali ndi mkono umodzi, a Zuze osaponda kwambiri, potsetsereka kuzimitsa injini. Singano inagona pansi tikuona nyumba za ku Mufakose, ndipo galimoto inazima yokha pakona ya msewu wathu. Aneba omwe ankandiseka aja ndi amene anakankha mpaka pageti. Amake Tendai anatuluka akululutira, anawagwira ana mmodzimmodzi pamutu, n'kuthamangira kukateleka madzi osamba.

M'mawa mwake ndinamasula chitini changa kuti ndichitsuke. Ndinakhala pakhonde ndi supuni, kukokota matope aja kuti ndiwataye m'ngalande. Ndinamva dzanja londigwira pamkono.

"Musataye."

"Ndi zonyansa izi, Nambewe."

"Fumbi limeneli mwalitenga kuti?"

Ndinati mumsewu wa ku pulazi.

"Msewu umenewo ndi umene anagwerapo alamu anu. Munadutsa pomwepo kawiri, ndinapaona pawindo. Dothi lake ndi lomweli."

Anabwera ndi kachitini ka fodya wamphuno kopanda kanthu. Ndinakokota bwinobwino, m'makona monse, osasiyako ngakhale kadontho, iye akulandira. Anatseka, anakulunga m'nsalu, anaika pansi pa mtolo wake.

Nkhondo itatha tinabwerera kuno tonse pa lole. Ana aja anali atakula, Chishona chili pakamwa kuposa Chichewa. M'mudzi mwathu mnyamata wina anandifunsa kuti mukufuna ndani, madala, ine nditaima pa bwinja la nyumba imene ndinabadwiramo. Sabata isanathe tinapita kwawo kwa alamu. Abale awo anali asanalire maliro mwadongosolo, pakuti panalibe choika m'manda. Nambewe anagwada pamaso pa mkulu wawo wa malemu, nkhalamba yosaona bwino, n'kupereka kachitini kaja ndi manja awiri. Anakumba manda, anayala mphasa, azimayi anayamba kulira.

Asanakatsitse, nkhalamba ija inatsegula kachitini kuti ikhudze dothi la mng'ono wake. Inagwira ndi chala, inanunkhiza, n'kutembenukira kwa mlongo wanga.

"Mlamu, bwanji dothili likununkhira nsatsi?"

"Ndinawadzoza ndine," anatero Nambewe.